Galimoto ya Mluzu

Ana a ku madrassah ndiwo adaitcha dzina. Tsiku loyamba kufika nayo, ndisanazimitse n'komwe injini, adasiya majuzu awo pamkeka n'kukhamukira panja, ndipo kamnyamata kena kamene kadali kakulimbanabe ndi alifu, be, te kadafuula kuti, "Mwalimu, galimoto yanuyi ikuimba mluzu!" Kadanena zoona. Ukaiponda pang'ono, pansi pa boneti pamamveka kamluzu kakang'ono, konga ka mphepo ya mwera ikamalowa pa mng'alu wa zenera. Kuyambira tsikulo, kuchokera pa mzikiti wathu mpaka ku doko, palibe amene amaitchula dzina limene adaipatsa eni ake ku Japan. Onse amati galimoto ya mluzu.

Ndisanakambe za iyo, ndiyenera kuyamba ndakamba za imene idachoka pakhomo kuti iyoyo ibwere. Inali Toyota Sienta ya mtundu wa phulusa, yogwiritsidwa kale ntchito ku Japan monga zilili galimoto zambiri za m'misewu yathu. Idatsika sitima ku Dar es Salaam n'kulowa m'dziko muno kudzera pa Songwe m'chaka cha 2017. Malipiro a mwalimu wa madrassah mukuwadziwa nonse. Sangagule ngakhale matayala. Ndalama zake zidachokera ku usipa ndi utaka umene mayi a kunyumba kwathu amayanika n'kutumiza ku Limbe, kuphatikizapo dzanja la mkulu wanga amene ali ku Joni. Inali galimoto yopanda chodzitamira: injini ya malita 1.5, zitseko zam'mbuyo zotsetsereka, mipando isanu ndi iwiri. Pa chitunda inkabuula ngati nkhalamba yosenza mtolo wa nkhuni. Koma lita imodzi ya petulo inkandiyendetsa makilomita 14, nthawi zina 15, ndipo m'zaka zisanu ndi chimodzi sidandigonetseko panjira.

Dzina la pa bluebook linali langa, koma galimotoyo inali ya mudzi. Idanyamula amayi oyembekezera pakati pa usiku, ana okomoka ndi malungo, nsalu za sanda, mikeka ndi miphika ya pa sadaka, mbuzi za Qurbani, ndi ophunzira anga popita ku mipikisano yowerenga Qur'an, asanu ndi atatu m'malo a anthu asanu ndi mmodzi, Allah andikhululukire. Kwathu ndi makilomita pafupifupi 20 kuchokera pa boma la Mangochi, mu msewu wa ku Monkey Bay, ndipo panali lamulo losalembedwa limene aliyense ankalidziwa: wofuna kupita ku chipatala abwere ndi ndalama ya malita atatu. Ndalamayo inkakwana kupita ndi kubwerera. Amene analibe ankangonena, ndipo ine sindinkamva kuwawa, poti malita atatu ndinkawapeza.

Chilakolako chidabwera tsiku lina Lachisanu, titatuluka ku Jumu'ah. Mnyamata wina amene ndidamuphunzitsa ali wamng'ono anali atangobwera kumene kuchokera ku Johannesburg, ndipo ndalama zake zina adaguliramo Subaru Forester yakuda, ija ya turbo, yokhala ndi kamwa pamwamba pa boneti. Adamva kuti ndili ndi ulendo wa ku Namwera kukaona wodwala, n'kunena mwaulemu kuti, "Mwalimu, lero yanuyo ipumeko. Tiyeni pa iyi, muyendetse ndinu." Titawoloka mlatho wa Bakili Muluzi n'kuyamba kukwera zitunda za ku Chowe, pamalo pamene Sienta yanga inkataya mpweya, ndidapondako monga mwa chizolowezi. Kwa kamphindi sipadachitike kanthu. Kenaka kamluzu kaja kadamveka, msana wanga udakanikizika ku mpando, ndipo phiri lidakhala ngati lagona pansi. Ndidaseka mokweza, ine munthu wa zaka 43, ndevu zitayamba kale imvi. Sindidakumbuke tsiku lina limene ndidasekapo chonchija chichokereni pa njinga yoyamba imene bambo adandibwereka ndili mnyamata.

Makaniko wina wa pa boma adandifotokozera pambuyo pake chimene chimachitika pansi pa boneti, ndipo ndi nzeru yoti munthu n'kuima n'kunena Subhanallah. Utsi umene injini imatulutsa, m'malo mongopita kunja, umayamba wazunguza kagudumu ka mapiko. Kagudumuko kali pa mtengo umodzi ndi kena, kamene kamakoka mpweya wakunja n'kuukankhira m'injini mothinana. Timagudumuti timazungulira maulendo oposa 100,000 pa mphindi imodzi, ndipo mluzu uja ndi liwu lake. Mpweya ukathinikizidwa umatentha, n'chifukwa chake umadutsa kaye pa chozizirira chimene chili kunsi kwa kamwa lija la pa boneti. Motero injini ya malita awiri imachita mphamvu ngati ya galimoto yaikulu. Makanikoyo adamaliza ndi mawu amene ndidawamva koma osawamvetsa: mpweya wochuluka umafuna petulo wochuluka woti uwotche. Mpweyawo ndi waulere, petuloyo ayi.

Patatha milungu itatu chidutsireni Eid ya Qurbani ya 2023, mnyamata uja adabwera kunyumba madzulo. Adati akufuna kuyamba bizinesi yonyamula anthu pakati pa boma ndi Monkey Bay, ndipo galimoto yoyenera ntchitoyo ndi Sienta. Ngati ndingakonde, tisinthane, ine ndiwonjezere ndalama pamwamba. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Sindidadzifunse chifukwa chimene mnyamata wosakwana zaka makumi atatu, wa magazi otentha, angatayire galimoto yotere n'kusankha ya zitseko zotsetsereka. Iye anali atawerenga kale masamu amene ine ndinali ndisanayambe.

Chimene ndidachita ndi chimene ophunzira za chipembedzo timachidziwa bwino: ndidatsegula mabuku. Ku koleji tidakhala miyezi pa malamulo a malonda, ndipo ndidafufuza mbali zonse. Panalibe ngongole ya ku banki, choncho panalibe riba. Galimoto sili m'gulu la zinthu zisanu ndi chimodzi zija, golide, siliva, tirigu, barele, tende ndi mchere, zimene posinthana mtundu umodzi ziyenera kufanana muyeso. Kusinthana galimoto ndi galimoto n'kuwonjezera ndalama ndi malonda ololedwa. Ndidamuuza zilema za yanga, kuti chitseko cha kumanzere chimakakamira ndipo umayenera kuchinyamula pang'ono pochikoka. Iye adandiuza kuti matayala a yake atsala pang'ono kutha. Mboni ziwiri zidakhalapo, tidalemberana, ndalama zidaperekedwa pompo. Wofuna cholakwa m'malonda amenewo sangachipeze.

Chinyengo chinali pena. Ma ulama monga Imam al-Ghazali ndi Imam al-Shatibi adagawa zofuna za munthu m'magawo atatu: zimene popanda izo moyo suyenda, zimene popanda izo moyo umavuta, ndi zimene zimangokometsera. Phunziro limeneli ndaliphunzitsa kangapo kwa ana a kalasi yaikulu. Galimoto ya mluzu inali ya gawo lachitatu, ndipo mtima wanga unkadziwa. Koma pofotokozera mayi a kunyumba ndidainyamula n'kuiika m'gawo lachiwiri. Ndidawakumbutsa za namondwe wa Freddy amene adali atangodutsa mu Malichi chaka chomwecho, momwe misewu idakumbikira, momwe Sienta imakhudzira pansi pa mabampu. Ndidati iyi imakoka ndi matayala onse anayi, ndi yotalika miyendo, idzafika kumene inayo siingafike. Zonsezo zinali zoona. Iwo ankapeta mpunga pakhonde, ndipo adandilola ndimalize.

"Nanga mipando ndi ingati, a Mwalimu?"

"Isanu."

Sadanenenso kanthu. Adapitiriza kupeta. Ndalama zimene ndidawonjezerazo ndi zimene tinkasunga kuti timange kanyumba kosungiramo nsomba zouma, ndipo gawo lalikulu la ndalamazo lidatuluka m'manja mwawo.

Sindikufuna kuinamizira galimotoyi. Ena akamva nkhani yanga amathamangira mwambi wa chikomekome cha mkuyu, koma m'kati mwa iyi munalibe nyerere. Ndi galimoto yopangidwa bwino, ndipo idachita zonse zimene idalonjeza. M'dzinja lotsatira idatifikitsa pa maliro ku mudzi wina wa mu msewu wa ku Makanjira, m'matope amene lole idatitimira, ndipo tsiku limenelo ndidayenda ngati munthu amene mlandu wamukomera. Sindikhulupiriranso kuti kukonda chokwera chokongola ndi tchimo. Surah an-Nahl, potchula akavalo, nyumbu ndi abulu, imatchula kukwera ndi kukongoletsa pamodzi. Miyezi yoyambirira ndinkadzuka mtima uli myaa. Ndinkapeza zifukwa zopitira ku Liwonde.

Masamu adayamba kulankhula pang'onopang'ono. Lita imodzi inkandipatsa makilomita 8 ndikaugwira mtima, 7 ndikalola kuti mluzu umveke, ndipo ndani amagula galimoto yotere kuti aziugwira mtima? Oilo imafuna wabwino, wosinthidwa msanga, chifukwa ndi yemweyo amene amafewetsa ndi kuziziritsa timagudumu ta turbo tija. Ukachokera pa liwiro suyenera kuzimitsa nthawi yomweyo, umayamba wadikira kuti kutentha kutsike. Matayala sugula limodzi limodzi monga ndinkachitira kale, poti galimoto yokoka ndi onse anayi imafuna matayala ofanana kutha kwake. Injini ya Sienta imayendera tcheni chimene sindidachiganizirepo. Iyi imayendera lamba woti asinthidwe pa makilomita pafupifupi 100,000, ndipo akaduka uli paulendo amawononga za m'kati. Ngakhale mapulagi ali m'mbali mwa injini, mothina, moti makaniko amatchula mtengo akuyang'ana kumbali. Ndipo mu Novembala 2023 kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Petulo adachoka pa K1,746 kufika pa K2,530 pa lita, ndipo chitsulo chilichonse chochokera kunja chidakwera naye.

Zonsezi ndikadazipirira mwakachetechete, monga munthu amapiririra nsapato yothina imene adaisankha yekha. Chimene sindidachiyembekezere ndi chimene masamuwo adachita ndi khomo langa.

Anthu adapitiriza kubwera ndi ndalama ya malita atatu, poti ndilo lamulo limene ankalidziwa. Ulendo womwewo tsopano unkadya malita asanu kapena asanu ndi limodzi. Poyamba ndinkangowonjezera osanena kanthu. Ndikadayamba bwanji kuuza mayi wamasiye kuti chifukwa cha mluzu wanga aziwirikiza ndalama? Kenaka ndidayamba kuwerengera. Munthu akugogoda, asanamalize salaam, mutu wanga unali utayamba kale kuchulukitsa makilomita ndi makwacha. Kenaka, tsiku lina m'mawa, bambo wina atabwera kuti mkazi wake akufunika kukaonedwa ku chipatala, ndidamva pakamwa panga pakutuluka mawu akuti, "Pepani, galimotoyi sili bwino lero." Inali bwinobwino. Masana a tsiku lomwelo ndidakhala pamaso pa ana makumi anayi n'kuwaphunzitsa zizindikiro za munthu wachiphamaso, ndipo choyamba mwa izo ndi bodza.

Bodzalo ndidalibwereza kawiri kapena katatu, ndipo silidafunikenso, chifukwa anthu adasiya okha kubwera. Mudzi sufuna kuuzidwa kawiri. Ena ankachita manyazi kukweza dengu la nsomba kapena wodwala wosanza m'galimoto yonyezimira chonchija. Ena adangoona kuti Mwalimu wasintha. Padachitikanso china chimene chidandipweteka mwanjira ina: zopereka za makolo ku madrassah zidayamba kuchepa. Mkulu wina wa komiti ya mzikiti adandiuza moseka, koma maso ake sankaseka, kuti anthu akuti mwalimu woyendera galimoto yotere sangasowe choko. Ndidafuna kumuonetsa thumba langa kuti aone kuti sindidasaukepo chonchi chiyambireni ntchito. Koma galimoto inali panja, ikulankhula mokweza kuposa ine.

Chakumapeto kwa 2024 mafuta adasowa m'dziko muno, monga mukukumbukira. Mizere ya galimoto inkagona pa malo omwetsera mafuta, ndipo mavenda a zigubu ankatchula mitengo yoti munthu n'kugwira pakamwa. Loweruka lina ndidagona pa mzere pa boma, Isha ndi Fajr ndidaswalira pambali pa galimoto, ndipo dzuwa litakwera ndidapatsidwa malita 15 okha. Atatu adathera panjira yobwerera kunyumba.

Chimene ndidachita Lamulungu masana sindingachifotokoze mwanzeru. Ndinali nditakhala milungu itatu ndikuyenda pa njinga, galimoto itafundidwa nsalu. Msewu wa ku Monkey Bay unali mbee, poti ambiri analibe mafuta. Ndidadziuza kuti injini ikakhalitsa osayenda imawonongeka, ndingoitenthetsako pang'ono. Pang'onopo padakhala Monkey Bay. Ndidaima pa doko, ndidayang'ana nyanja, ndidagula chambo ziwiri kuti ulendo uoneke ngati unali ndi mutu, n'kubwerera mluzu ukumveka njira yonse. Makilomita pafupifupi 90. Pofika pakhomo, kanyali ka mafuta kanali katayaka kale, ndipo muvi unali utagona.

Usiku womwewo, titatha Isha, kudamveka kugogoda kumene ndinali nditakuiwala. Anali muazini wa mzikiti wathu, nkhalamba imene idandinyamulapo ndili khanda. Sadabwerepo kudzapempha kanthu chisinthireni galimoto.

"Mwalimu, mundikhululukire pobwera usiku. Mdzukulu wanga uja wakomoka. Ku chipatala chaching'ono atiuza kuti tithamangire ku boma, ndipo ambulansi yapita ndi wodwala wina."

M'dzanja mwawo munali ndalama zopindidwa. Sindidafunike kuziwerenga kuti ndidziwe kuti ndi za malita atatu.

Nthawi zonse zimene ndidanama kuti galimoto singayende, inkatha kuyenda. Usiku umenewu, pamene ndikadapereka chilichonse kuti iyende, ndidaima pakhomo ndi makiyi m'manja ndikudziwa kuti mwina singafike n'komwe theka la njira, ndipo kuima m'tchire ndi mwana wokomoka n'koopsa kuposa kusanyamuka. Ndidathamangira kwa venda wa pa msika. Zigubu zake zinali zouma. Mayi a kunyumba ndiwo adandipatsa foni, nambala ataipeza kale. "Muimbireni mwana uja," adatero.

Adafika pasanathe mphindi khumi ndi zisanu. Nayenso kanyali kake ka mafuta kanali koyaka, koma adangoti, "Musadandaule Mwalimu, iyi mukuidziwa, ikayatsa nyali imakhala ikadali ndi ulendo." Mayi a mwanayo adalimbana ndi chitseko cha kumanzere, chikukana. Ndidafika n'kuchinyamula pang'ono, chidatsetsereka. Tidakwera tonse: muazini kutsogolo, mayi a mwana ndi azakhali ake pakati, ine ndi bambo a mwanayo kumbuyo kwenikweni, pa timipando tija timene m'zaka zisanu ndi chimodzi sindidakhalepo. Tinalimo anthu asanu ndi awiri pamodzi ndi wodwalayo. Mwanayo thupi linali moto. Galimoto inkabuula monga kale, ndipo ine ndinkayang'ana msana wa mnyamata amene ndidamuphunzitsa Fatiha, ndikuwerenga ma dua onse amene ndimawadziwa. Munkamvekabe kafungo ka usipa wathu.

Anali malungo aakulu. Mwanayo adagonekedwa masiku asanu ndipo adachira, Alhamdulillah. Lero amakhala kutsogolo m'kalasi yanga ya ang'onoang'ono. Muazini sadandifunsepo kumene mafuta anga adapita, ngakhale mudzi wonse udandiona ndikudutsa masana aja. Patatha masiku atatu ndidapita ndekha kukawauza. Adamvetsera mutu uli pansi, n'kungoti, "Allah ndi amene amasunga ana, Mwalimu," kenaka n'kuyamba kukamba za denga la mzikiti limene likudontha. Ndikadakonda akadandikalipira. Kwa bambo uja amene ndidamunamiza m'mawa muja ndidapitanso. Iye adaseka, nati ankadziwa kale.

Mwezi wotsatira ndidamuitana mnyamata uja n'kumufunsa ngati tingabwezerane, ngakhale ndalama ndidawonjezera zija zipite. Adakhala pansi pa mkeka, chipewa m'manja, n'kukana mwaulemu wonse umene ndidamuphunzitsa. Sientayo ndiyo ikudyetsa mkazi wake, mwana wake ndi mayi ake. Sindikadamukakamiza, ndipo malonda athu adali otha, a mboni ziwiri.

Choncho galimoto ya mluzu ikadali pakhomo. Ku madrassah ndimapita pa njinga. Thanki sindilola kuti itsike kupitirira theka, ndipo mafuta amenewo si anga. Ndidalengeza ndekha pambuyo pa Jumu'ah kuti lamulo la malita atatu labwerera, chotsalacho ndi changa. Anthu ayambanso kugogoda, koma osati monga kale, ndipo akakhala oposa anayi wina amatsala. Kanyumba ka nsomba sikadamangidwebe. Ndidalemba pa galasi lakumbuyo kuti ikugulitsidwa, ndipo anyamata amabwera, amaizungulira, amapempha kuti ndiiponde amve mluzu, kenaka amafunsa kuti lita imodzi imayenda makilomita angati. Ndimawauza zoona, ndipo amati abweranso.

Sabata yatha adaimba foni bambo wina wa ku Lilongwe amene amazidziwa bwino galimoto zimenezi, ndipo sadafunse n'komwe za malita. Akubwera Loweruka. Dzulo madzulo ndidaitsuka, ndidapukuta ndi m'kati mwa kamwa lija la pa boneti, ndipo ndidakhalitsa pa ntchitoyo kuposa mmene inkafunikira. Mayi a kunyumba adali pakhonde, ndipo adali atamva mtengo umene ndidatchula pa foni.

"Mtengo umene uja, a Mwalimu," adatero, "ndi wa munthu wofuna kugulitsa, kapena wa munthu wofuna kuti wogula abwerere?"

Ndidawauza kuti ndiwayankha tikatha Maghrib. Tidaswali, tidadya, ndipo iwo sadafunsenso. Loweruka ndi mkuja.